Mtunda wa pa ndege kuchokera ku Blantyre kukafika ku London

Mayi ena a ku Chinamwali kuno ku Zomba anditumizira imelo kufunsa chifukwa chimene tikiti ya mwana wawo, yemwe akupita kukaphunzira ku London, ikusonyezera ulendo wa pafupifupi tsiku lathunthu, chikhalirecho iwo anawerenga kuti mtunda wake ndi makilomita 8,200 okha.

Mayi, nambala mwawerengayo ndi yoona, koma ndi ya njira yachidule kwambiri, yochoka pabwalo la ndege la ku Chileka n'kukatera pabwalo la Heathrow ku London popanda kupatuka. Popeza ndege zikuluzikulu zimathamanga makilomita 850 mpaka 900 pa ola, ulendo wotero ukanatenga maola 10 basi. Chovuta n'chakuti palibe ndege yonyamuka m'Malawi muno yolunjika ku London, choncho mwana wanu ayenera kukatsika mumzinda wina n'kukwera ndege yachiwiri, ndipo mzinda umenewo ndi umene umatalikitsa kapena kufupikitsa ulendo.

Akadzera ku Addis Ababa, komwe kumachokera ndege za Ethiopian Airlines, ayenda makilomita pafupifupi 2,800 kuchokera ku Blantyre, kenako ena 5,900 kukafika ku London, zonse pamodzi 8,700. Njirayi siipatuka kwambiri, chifukwa Ethiopia ali kale kumpoto kwathu. Akadzera ku Johannesburg, ayamba wabwerera kummwera makilomita oposa 1,300, kenako n'kutembenuka kuyenda ena oposa 9,000 kupita kumpoto, ulendo wa maola 11 paokha, ndipo zonse pamodzi zimaposa makilomita 10,300. Zili ngati munthu wa ku Zomba wofuna kupita ku Liwonde atayamba wakwera minibasi ya ku Limbe. Sindikunena kuti njirayi ndi yoipa, pakuti nthawi zina tikiti yake imatsikako mtengo, koma muyenera kudziwa chimene mukugula.

Komabe, chimene chimadya nthawi kwenikweni ndi kudikira. Ndege zambiri zopita ku Ulaya zimanyamuka ku Addis Ababa ndi ku Johannesburg usiku, kotero munthu wofika masana amakhala pampando wa pabwalo la ndege maola angapo, chikwama chili pamiyendo, maso ali pabolodi losonyeza nthawi. Onjezeraniponso ola limodzi ndi chakuti la pamsewu wochoka ku Zomba kupita ku Chileka, komanso maola ofikiratu ndege isananyamuke. Poyerekeza matikiti, yang'anani mpata wa pakati pa ndege ziwirizo. Mpata wochepa kwambiri ndimauopa kuposa wautali, chifukwa ndege yoyamba ikachedwa pang'ono, yachiwiri imamusiya munthu, kapena iye amafika koma katundu wake n'kutsalira.

Nthawi zolembedwa patikiti ndi za malo amene ndege ili. Addis Ababa ali patsogolo pathu ndi ola limodzi, pamene London ili kumbuyo kwathu ndi maola awiri kuyambira kumapeto kwa October mpaka kumapeto kwa March, ndi ola limodzi miyezi yotsalayo. Tikiti ikanena kuti afika 7 koloko m'mawa mu January, inu muyembekezere foni yake itakwana kale 9 koloko kuno.