Kwa achemwali amene mukufuna kutenga galu wamantha uja

Achemwali, mwati mwapeza galu wamkazi wa zaka pafupifupi 2, wochokera ku Romania, amene akusungidwa kwa mayi wina wa foster (wosunga galu kunyumba kwake mongoyembekezera mpaka atapezeka womutenga) kufupi ndi kwanu ku Leicester. Mutapita kukamuona anathawira kuseri kwa sofa, osatulukako mpaka munatsanzika. Muli ndi ana awiri, wa zaka 6 ndi wa zaka 10, ndipo bambo a kunyumba akuti galu woopa anthu alibe ntchito. Mukufunsa ngati adzasinthe, komanso ngati n'kwanzeru kumutenga.

Ine ndikuti mutengeni, koma pokhapokha ngati banja lonse lingakwanitse chinthu chimodzi chimene chimativuta ambirife: kumusiya yekha mpaka atakufunani yekha. Wathu amene tili naye pano anabweranso chonchi, ndiye ndikulankhula zimene ndinaziona ndi maso.

Muyambe mwamvetsa kumene mantha akewo achokera. Ku Romania agalu oyendayenda m'misewu ndi ambiri, ndipo mu 2013, mwana wa zaka 4 atafa polumidwa ndi agalu ku Bucharest, anakhazikitsa lamulo lolola kupha agalu ogwidwa m'misewu ngati palibe wowatenga pakatha masiku 14 ogwira ntchito. N'chifukwa chake mabungwe ambiri opulumutsa agalu amafulumira kuwabweretsa kuno ku UK. Ambiri mwa agaluwa anagwidwa ndi ndodo yachitsulo yokhala ndi khwekhwe lokola m'khosi, kenako khola lodzaza, kenako ulendo wautali m'galimoto kudutsa mayiko. Ena sanamenyedwepo n'komwe, kungoti ali aang'ono sanakhalepo m'nyumba ya munthu. Masitepe, TV, hoover, belu la pakhomo, mwamuna wamtali wovala chipewa, zonsezi kwa iye n'zachilendo zoopsa. Kubisala kuseri kwa sofa kuja sikuti anakudani. Ndipo galu amene akaopa amasankha kubisala m'malo molusa, ameneyo ndiye wosavuta kumuthandiza.

Chuma chachikulu chimene muli nacho ndi mayi a foster aja. Galu wa ku shelter, kumakola osungirako agalu opanda mwini, mumamutenga mongoyerekeza, koma uyu wakhala m'nyumba, ndipo pali munthu amene wamuona m'mawa, masana ndi usiku. Pitaniko kachiwiri ndi kachitatu, mukakhale nawo pansi mukumwa tiyi, galuyo osamuyang'ana n'komwe, ndipo muwafunse mosachita manyazi. Anatenga nthawi yaitali bwanji kuti ayambe kudya iwo ali pomwepo? Amalola kumugwira pati, nanga pati pamene salola? Anaonanapo ndi ana aang'ono? Amuna amatani nawo? Anayesapo kuthawa kapena kudumpha mpanda? Anadzumapo kapena kuluma munthu, ndipo chinachitika n'chiyani? Akasiyidwa yekha amatani? Funso lina limene ambiri amaiwala: kodi panyumbapo pali galu wina? Agalu amantha ambiri amalimba mtima poonera mnzawo, ndiye akafika kwanu kopanda mnzake amabwerera m'mbuyo ndithu. Musadzadabwe. Ngati mayiwo akunena kuti ndi ana sangakhale, amvereni ngakhale mtima wanu wagwa kale pa iye. Tsiku lomutenga muwapemphe bulangete limene amagonera, losachapa, ndi dzina la chakudya chimene wazolowera.

Tsopano chimene ndikufuna mumve kwambiri. Choopsa chachikulu m'masabata oyamba ndi kuthawa. Mukaona zithunzi za agalu osowa pa DogLost, tsamba la pa intaneti lolengezapo agalu otayika, kawirikawiri mumawerenga kuti anangomutenga kumene. Sadziwa dzina lake, sadziwa kuti kwanu ndi kwawo, ndipo akadzidzimuka amatuluka m'kolala chammbuyo m'kuphethira kwa diso. Gulani harness (malamba omuveka pachifuwa ndi pamsana) ya malamba atatu, ija imene lamba wachitatu amazungulira kuseri kwa nthiti, ndipo muzimuyendetsa ndi zingwe ziwiri, china pa harness china pa kolala. Chingwe chija chotalika chodzikulunga chokha musachigule: chikakupulumukani, chogwirira chake chimakhokhomera pansi kumulondola, iye n'kumathamanga osaima. Pochoka kwa foster, galimoto mudzaitsegule muli mutagwira kale chingwe. Ngakhale m'gadeni mwanu momwe azikhala pa chingwe chachitali masabata oyamba, poti agalu a m'misewu amadziwa kukwera ndi kukumba. Ichi n'chifukwa chake mabungwe ambiri amafunsa za mpanda wa mafiti 5 kapena 6 akabwera kudzaona nyumba. Pakhomo lotulukira ikani kageti ka ana, ndipo ana adziwe kuti chitseko sichitsegulidwa galu asanatsekeredwe. Zikavuta n'kuthawa, musamuthamangitse kapena kusonkhanitsa anthu kuti azimuitana. Imbirani bungwe limene linakupatsani ndi dog warden, woona za agalu osochera ku council, nthawi yomweyo.

Akafika, mukonzereni pakona pabata, khola lotsegula lofunditsidwa nsalu kapena kuseri kwa mpando, ndi madzi pafupi. Pamenepo ndi pake, palibe wolowetsapo dzanja. Musamusambitse tsiku loyamba ngakhale akununkha. Musamuyang'ane m'maso, musamuweramire, musamukumbatire. Khalani pansi chammbali muziwerenga kapena kupinda zovala, ndipo nthawi ndi nthawi muziponya kachidutswa ka nkhuku yophika yopanda mafupa. Muziponya kupitirira iyeyo, osati pakati pa inu ndi iye. Ichi chimamveka chaching'ono koma n'chachikulu: mukamunyengerera ndi chakudya m'manja, njala imamukoka n'kufika pafupi kuposa pamene mtima wake ukulolera, kenako amadzidzimuka ali kale pa dzanja lanu, ndipo apa ndi pamene anthu amalumidwa. Mukaponya kutali, amadya momasuka, kubwerera kwa inu n'kukhala kusankha kwake. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku lina adzabwera kudzakununkhizani mwendo. Pamenepo pumani bwinobwino, musatambasule dzanja. Akayamba kulola, muzimusisita pachifuwa pang'ono n'kusiya, muone ngati akusendera kuti mupitirize.

Mumva anthu akunena za masiku 3, masabata 3, miyezi 3 ngati masitepe amene galu amadutsa pozolowera nyumba yatsopano. Ndi kalozera chabe. Kwa galu wamantha ngati uyu, miyezi 6 kapena chaka si zodabwitsa. Angathe kukana kudya tsiku loyamba, kukodza m'nyumba, kapena kudya usiku wokha nonse mutagona. Kupita naye ku paki kusakufulumizeni.

Za ana ndinene mosabisa. Wa zaka 10 amva, koma wa zaka 6 sasiyidwa yekha ndi galuyo ngakhale pang'ono. Aphunzitseni kuwerenga thupi lake: kunyambita milomo, kuyasamula asali ndi tulo, kutembenuza mutu, kupanira mchira, kuuma thupi. Zonsezi akuti "ndipatseni mpata". Akadzuma, musamukalipire kapena kumumenya. Kudzuma ndi chenjezo, ndipo galu amene walangidwa chifukwa chochenjeza amaphunzira kuluma osachenjeza. Ingochokanipo, kenako muganize chimene chinamuopsa. Zikamabwerezabwereza, a vet akulozereni kwa katswiri wa khalidwe la agalu wolembetsedwa ku ABTC, bungwe losunga kaundula wa akatswiri otere, ndipo aliyense wokuuzani za kolala yamagetsi kapena kuti "mumuonetse kuti bwana ndani" mumukane. Pa galu wamantha zimenezo zimangothira mafuta pamoto.

Pali zina zokhudza makomo athu ife. Kwathu alendo satha: mapemphero a pakati pa sabata, azibale a Loweruka, mawu okweza, ana kuthamangathamanga. Ndipo ambiri a ife tinakula tikudziwa kuti galu akayandikira umamuuza kuti "choka!" n'kuwerama ngati ukutola mwala. Mlendo akachita zimenezo kamodzi kokha, ntchito ya mwezi wathunthu yagwa. Masabata oyamba chepetsani alendo, ndipo akabwera galu azikhala kuchipinda chake chotseka. Za makombo a chakudya chathu: ndiwo zathu zimakhala ndi anyezi, ndipo anyezi ndi adyo zimawononga magazi a galu. Mafupa ophika a nkhuku, mphesa, chokoleti, nazonso ayi.

Mapepala ndidutsepo mwachangu. Microchip, kachipangizo kozindikiritsa galu koikidwa pansi pa khungu, ndi lamulo kuno kuyambira April 2016, ndiye onetsetsani kuti dzina ndi nambala yanu zalembedwa, ndipo panja azivala kolala yokhala ndi dzina ndi adiresi yanu. Funsani ngati anamuyeza Brucella canis, matenda amene amapezeka mwa agalu ena ochokera kumeneko ndipo amatha kupatsira anthu. A vet ambiri amafuna kuona zotsatira zake. Inshulansi muyambe tsiku lomutenga. Ngati ndi nyumba ya lendi, chilolezo cha landlord chikhale cholembedwa. Ndipo werengani pangano: bungwe labwino limalemba kuti zikakanika galu abwerera kwa iwo.

Bambo a kunyumba akunena zoona pa mbali imodzi: uyu sadzakhala galu wolonda, ndipo mwina sadzakhalanso wothamangira mlendo aliyense akugwedeza mchira. Angathe kudzakonda anthu anayi okha a m'nyumba mwanu, ena onse n'kumawapewa moyo wake wonse. Ngati bambowo sakugwirizana nazo kuchokera pansi pa mtima, dikirani, chifukwa kumubweza pakatha mwezi kumamupweteka kuposa kumusiya kumene ali. Akavomera, chakudya azipereka ndi iwowo, kungoika mbale pansi n'kuchokapo osalankhula. Agalu oopa amuna amasungunuka ndi zimenezi.

Za nthawi yomutengera: ku Leicester makombola a chikondwerero cha Diwali ndi a pa 5 November amayandikana, zaka zina n'kugundana, ndipo amaphulika mausiku angapo motsatizana. Galu wamantha asakumane ndi phokoso limenelo m'nyumba imene sanaizolowere. Apempheni mayi a foster amusungebe mpaka makombola atatha, ndipo inu nthawi imeneyo muzipitako ndi ana, mmodzimmodzi, kukangokhala pansi.