Fayilo ili m'foda ya tonse koma anzanu akulephera kuisintha, vuto lili pati?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amayang'anira seva ya Linux kuntchito kwawo. Akuti anapanga foda yoti anthu asanu azigwiritsa ntchito limodzi, onse anawaika m'gulu lotchedwa ofesi, fodayo anaipereka kwa gululo, koma munthu akaponyamo fayilo anzake amangoiona basi, akafuna kusintha kompyuta imati Permission denied, pena ngakhale kutsegula komwe imakana. Ndiye wina wawauza kuti angopanga chmod -R 777 nkhani ithe.

Mayi, 777 yo chonde musapange. Imatsegulira aliyense amene ali ndi akaunti pa makinawo, ngakhale mapulogalamu oyenda paokha ngati web server, kuti alembe ndi kufufuta mmene akufunira, komanso siithetsa vuto chifukwa fayilo yomwe ibwere mawa ibweranso ndi vuto lomweli. Chomwe chikuchitika nchakuti foda ikakhala ya gulu la ofesi sindiye kuti zolowa m'menemo zikhalanso za ofesi ayi. Fayilo iliyonse ili ndi mwini wake, gulu lake, ndi zilolezo zake payokha, ndipo fayilo yatsopano imatenga gulu loyamba la munthu amene waipanga, lomwe pa Ubuntu kapena Fedora limangokhala dzina la munthuyo. Lembani ls -l mufodamo muone, mupeza kuti pomwe mumayembekezera ofesi pali dzina la mwini wake kawiri.

Choyamba ndi kuika setgid pa foda. Mukalemba chgrp ofesi /srv/ofesi kenako chmod 2770 /srv/ofesi, 2 wakutsogoloyo ndiye setgid, ndipo ls -ld ikuonetsani drwxrws--- , s wakhala pamalo pa x wa gulu. Kuyambira pamenepo chilichonse chopangidwa m'menemo chimatenga gulu la foda, ndipo mafoda ang'onoang'ono atsopano amatengera setgid yo okha.

Koma apa mpamene anthu ambiri amasokonekera, ndipo ndikukhulupirira kuti ndi pomwe inunso mwakodwa. Setgid imagwira pa fayilo yobadwira m'fodamo basi. Mukagwiritsa cp, kompyuta imapanga fayilo yatsopano nkuthiramo zomwe zili mu yakaleyo, nde imeneyo yabadwira momwemo, itenga gulu la ofesi bwinobwino. Koma mv pa disiki yomweyo sipanga chatsopano chilichonse, imangosintha dzina ndi malo, inode, yomwe ndi kaundula wa fayiloyo pa disiki, ndi yomweyo, mwini yemweyo, gulu lomwelo, zilolezo zomwezo zomwe inali nazo ku home kwa munthuyo. Ndipo anthu anu asanuwo ambiri sakulemba mv, akungokoka fayilo ndi mouse, zomwe pa disiki imodzi nthawi zambiri zimakhala kusamutsa osati kukopera, iwo osadziwa nkomwe. Chimodzimodzi cp -p, cp -a ndi rsync -a, zonsezi ntchito yake ndi kusunga gulu ndi zilolezo zakale, ndiye mwaiuza nokha kompyuta kuti isalabadire za foda.

Tsono gulu likakhala lolondola sikuti zatha, pali mbali yachiwiri. Gulu likhoza kukhala ofesi koma zilolezo nkukhala 644, kutanthauza kuti mwini amawerenga ndi kulemba, ena onse kuwerenga kokha. Kumbukirani r (kuwerenga) ndi 4, w (kulemba) ndi 2, x (kuyendetsa pulogalamu kapena kulowa m'foda) ndi 1, nambala yapakati ndiye ya gulu. Chimabweretsa 644 ndi umask, yomwe pa makina ambiri imakhala 022, imachotsa w kwa gulu pa fayilo iliyonse yatsopano. Mukaisintha kukhala 002 mafayilo azibadwa 664. Vuto lake umask ndi ya munthu aliyense payekha, ndipo ine sindikonda kudalira kuti anthu asanu onse akonza .profile yawo, fayilo yomwe imawerengedwa munthu akamalowa, molondola, winanso akulowa kudzera pa sftp, njira yotumizira mafayilo pa netiweki, komwe .profile yo siwerengedwa nkomwe.

Nchifukwa chake ine ndimakonda default ACL, mndandanda wa zilolezo womwe zatsopano zonse m'foda zimatengera, lamulo limakhala pa foda osati pa munthu. Lembani setfacl -R -m g:ofesi:rwX /srv/ofesi pa zomwe zilimo kale, kenako setfacl -R -d -m g:ofesi:rwX /srv/ofesi pa zobwera mtsogolo. Foda ikakhala ndi default ACL, umask siigwiranso ntchito m'menemo. X wamkuluyo musamulembe wamng'ono, wamkulu amapereka x kwa mafoda ndi mafayilo omwe anali nayo kale, wamng'ono angasandutse chikalata chilichonse kukhala ngati pulogalamu.

Ngakhale apo cp ili ndi kakhalidwe kena koti mukadziwe. Imapanga fayilo yatsopano potengera zilolezo za yakale, ndiye ngati yakaleyo inali 600, monga zimakhalira ndi mafayilo ena omwe munthu watsitsa kapena wasunga mwachinsinsi, ikafika m'foda mask ya ACL, yomwe ndi malire a zomwe gulu lingachite, imatsika ndipo getfacl ikuonetsani rwx kwa gulu koma pambali pake palembedwa effective yopanda kanthu. Uku ndiye kukana kutseguka komwe mwanena kuja. Njira yake ndi cp --no-preserve=mode, kapena kwa okonda rsync, rsync -r --no-p --no-g --chmod=ugo=rwX, kuti foda ikhale ndi mawu omaliza.

Zomwe zalowa kale molakwika mukonze kamodzi ndi sudo: chgrp -R ofesi /srv/ofesi, kenako chmod -R g+rwX /srv/ofesi, kenako find /srv/ofesi -type d -exec chmod g+s {} + kuti setgid ifike pa mafoda okhaokha osati pa mafayilo.

Kanthu kena kamene kamadyera anthu nthawi, mukamuika munthu m'gulu ndi usermod -aG ofesi kenako dzina lake, sizigwira mpaka atuluke nkulowanso. Muuzeni alembe id, ngati ofesi sikuoneka ndiye kuti akadali pa login yakale. Ndipo -a yo musaiwale, popanda iyo mumuchotsa m'magulu ena onse omwe analimo.

Simunanene ngati anthu anu amafika ku fodayi kuchokera pa Windows. Ngati ndi choncho ndiye kuti pakati pali Samba, pulogalamu yogawira mafoda a Linux ku Windows, ndipo mu fayilo yake ya smb.conf pa gawo la foda imeneyo muikemo force group = ofesi, force create mode = 0660 ndi force directory mode = 2770. Za mv zija palibe lamulo la foda lomwe lingaziletse, ndiye auzeni anzanuwo kuti akamaika fayilo mu ofesi azichita copy kenako nkufufuta yakaleyo, ndipo ikavutabe munditumizire zomwe getfacl yaonetsa pa fayilo imodzi yomwe ikukanayo tione limodzi.