Mankhwala a khansa obaya: amayeza bwanji mphamvu yake?

FUNSO: Amayi anga amalandira mankhwala a khansa a m'dripi. Mwezi uno kabotolo kake n'ka kampani ina, koma madzi ake ndi ofiira ngati akale aja. Kodi akatswiri amadziwa bwanji kuti mphamvu n'chimodzimodzi? Ndine wa ku Matero.

YANKHO: Kufiirako kusakunamizeni. Ngati ndi doxorubicin, amafiirabe ngakhale atasukuluka, ndipo diso silingasiyanitse mamiligalamu 2 pa mililita ndi 1.5. Kuno kwathu bungwe la ZAMRA ndi limene limavomereza mankhwala, ndipo lili ndi labotale yake muno mu Lusaka.

Mphamvu amayeza ndi makina a HPLC, amene amalekanitsa ndi kuyeza zimene zili m'mankhwala. Katswiri amapima pasikelo ufa wa mankhwala omwewo umene mphamvu yake ndi yodziwika kale, n'kuusungunula kuti ukhale muyezo. A m'kabotolo aja amawasungunulanso mpaka afike pa mlingo womwewo. Makina amatapa kadontho kochepetsetsa n'kukakankha m'kapaipi kachitsulo ka masentimita 15 kapena 25 kodzaza timchenga ta silika. Chilichonse cha m'kadonthomo chimatuluka pa nthawi yakeyake, kuwala kosaoneka ndi maso kotchedwa UV kumachiwerenga, ndipo pakompyuta pamaoneka timapiri. Phiri la mankhwala amaliyerekeza ndi la muyezo. Mankhwala ambiri obaya amafunika kukhala pakati pa 90 ndi 110 peresenti ya zimene zalembedwa pabotolo. Timapiri tating'ono ta m'mbali ndi zosafunika, kawirikawiri mankhwala omwewo atawonongeka ndi kutentha kapena dzuwa.

Pamene anthu amagwa kwambiri ndi pamuyezo. Ufa uja ukakoka chinyezi, sikelo imapima ndi madzi omwe, muyezo umafooka, ndiye mankhwala operewera amaoneka okwanira.

Komatu HPLC siona majeremusi. Pa zimenezo amasefa mankhwala pa sefa ya timabowo ta mamaikiloni 0.45, n'kuitsuka bwino, chifukwa mankhwala a khansa otsalira angalepheretse majeremusi kumera n'kubisa vuto. Sefayo amaiika m'misuzi iwiri yomeretsera majeremusi, wina pa madigiri 30 mpaka 35, wina pa 20 mpaka 25, kwa masiku 14. Msuzi ukachita mbuu, gulu lonse la mabotolowo lakanidwa. Si zongochita mwamwambo ayi. Mu 2022 bungwe la WHO linachenjeza za methotrexate wobaya, amenenso ndi mankhwala a khansa, wokhala ndi bakiteriya ya Pseudomonas ku Yemen ndi ku Lebanon. Poizoni wotsalira wa mabakiteriya akufa, amene amadzetsa kutentha thupi ndi kunjenjemera, amamuyeza padera.

Inuyo lembani dzina la kampani, nambala ya batch (gulu la mabotolo opangidwa pamodzi) ndi tsiku lotha ntchito, kuti pakachitika zachilendo mukhale ndi chowaonetsa adokotala.

FUNSO: Ndimagwira ntchito mufamase. Cisplatin anaikidwa mufiriji mwangozi, tsopano muli timibulu. Tigwiritse ntchito? Ndine wa ku Chilenje.

YANKHO: Ayi, muikeni pambali ndipo uzani akuluakulu a famaseyo. Cisplatin safuna firiji, mosiyana ndi mankhwala ena a khansa monga vincristine amene amasungidwa mufiriji. Akazizira amaundana timibulu, ndiye madzi otsalawo salinso miligalamu 1 pa mililita, kuwonjezera pa kuopsa kwa timibuluto mumtsempha. Msungeni pa madigiri 15 mpaka 25, m'katoni yake kuopa kuwala. Singano kapena chipangizo chilichonse cha aluminiyamu chisamukhudzenso, chifukwa amada n'kutha mphamvu.