Mazira a njoka za m'mimba saola msanga

Mwafunsa kuti akatswiri amadziwa bwanji kuti munthu wakale anali ndi njoka za m'mimba pomwe matumbo ake anaola kalekale. Njokazo zimaoladi, koma mazira ake ali ndi khungu lolimba, amakhala m'dothi zaka mazanamazana. Mafupa a Richard III, mfumu ya ku England yomwe inaphedwa mu 1485, atapezeka mumzinda wa Leicester m'dzikolo mu 2012, akatswiri anatapa dothi la pomwe panali mimba n'kuliunika ndi maikulosikopu, chida choonera tinthu ting'onoting'ono. Munali mazira ambiri a nyongolotsi, pomwe dothi la kumutu linalibe, kusonyeza kuti mazirawo anachokera m'mimba mwake. Taganizani, mfumu yeniyeni! Mwina zinachokera ku chakudya chokhudzana ndi ndowe za anthu. Mazira a njoka zobwera ndi nyama yosapsa sanapezeke, kusonyeza kuti ankamuphikira bwino.