Ma pony asiyeni agone panja, koma inuyo musalowe m'mundamo ndi ndowa

Achemwali, mwafunsa za mmene mungasamalire ma pony anu, hatchi zazing'ono zija, nthawi ya chisanu kuno ku UK muli ndi pakati. Ngati pano muli ndi miyezi isanu ndiye kuti Januwale ndi Febuluwale akupezani mutalemedwa kwambiri, ndimvereni bwino chifukwa ine zinandionekera. Ma pony anuwo ngati ndi a mtundu wa Welsh kapena Shetland chisanu sichiwaopsa. Ubweya umakhuthala wokha, ndipo anzawo amagona kumapiri a Brecon Beacons ku Wales chaka chonse opanda chofunda. Amene muli pangozi ndi inuyo.

Ine ndinali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri nthawi ya chisanu chija ankachitcha Beast from the East, kumapeto kwa Febuluwale 2018, kenako mphepo yamkuntho ya Storm Emma n'kudzawonjezera Malichi atangoyamba. Bambo akunyumba amayendetsa lole, anatsekeredwa kutsidya kwa Bristol. Paipi ya kumunda inaundana, madzi a m'bafa lakale lomwe ma pony athu awiri amamweramo anauma gwa, hamala ingodumpha. Ndipo mukudziwa kuti hatchi ikamadya udzu wouma osamwa madzi imadzimbidwa, colic ija, ndipo imapha. Ndiye ndinayamba kutuntha madzi ofunda kuchokera kukhitchini, ndowa uku ndowa uku, ngati ndikuchokera ku mjigo. Pageti paja matope anali ataumira m'maenje a ziboda, sinowo n'kukwirira pamwamba, osaona popondapo. Nditangolowa onse awiri anandithamangira poganiza kuti ndabweretsa chakudya. Yaikazi inatsamitsa makutu n'kuponya mwendo, inzake pothawa inandikankha ndi thako. Ndinagwera chammbali, madzi onse pa ine. Chiuno chinali chikundipweteka kale, chija azamba amati pelvic girdle pain, ndiye kudzuka kunakanika. Foni inali itazima yokha ndi kuzizira. Ndinakwawa mpaka kugwira geti, siketi itayamba kuuma pathupi, mdima ukugwa. Koma chomwe chinandiliza n'chakuti mwana anangoti zii. Mwana woti madzulo aliwonse ankandimenya nthiti, tsiku limenelo osagwedezeka n'komwe. Ndinkagwira mimba, kumuyankhula, kupemphera mokweza pakati pa munda. Mlimi wina woyandikana nafe ndi amene ananditenga pa thirakitala kukandisiya kumsewu waukulu, ndipo mtima unakhala pansi kuchipatala atandimangirira makina ndikumva kamtima kakugunda.

Tsono mlamu wanga, mchemwali wa bambowa, amakhala pamtunda woyenda ndi miyendo. Ana ake ndi amene amakwera ma pony amenewa chilimwe chonse, zithunzi mbwee pa Facebook. Analonjeza yekha pamaso pa apongozi kuti ndisadandaule, chisanu chonse azidzathira madzi ndi iye. Tsiku limenelo ndinamuimbira m'mawa, akuti panja pakuterera sangatuluke. Ndiye ine woyembekezera ndi amene sindimaterereka? Nditatuluka m'chipatala, m'malo mwa pepani, anati ankaganiza kuti akazi a ku Africa tinazolowera kusenza madzi mpaka tsiku lobereka. Mpaka lero ndikamuona mawu amenewo amandibwerera, timangopatsana moni chifukwa cha ana.

Komabe musawatsekere m'khola, ngakhale wina akunyengerereni chotani. Kuwola ndowe ndi foloko, kukankha wilibala m'matope m'mawa ndi madzulo, chiuno chanu sichingapirire, ndipo hatchi yotsekeredwa imatuluka ndi ukali mpaka kukukokani ndi chingwe. Panja ntchito yake ndi yochepa, bola pakhale mpanda wa mitengo kapena kashedi kowatchinga mphepo. Asunthireni kumunda woyandikira nyumba isanafike Disembala, pomwe mdima umagwa cha m'ma 4 koloko. Uzani mlimi akubweretsereni belo lalikulu lozungulira la udzu wouma pa thirakitala, alisiye m'mundamo, muliveke neti kuti asamangodya osapuma, chifukwa ma pony amenewa sachedwa kunenepa ndipo mapeto ake ndi laminitis, matenda opweteka a m'ziboda. Wa makilogalamu 250 amangofuna udzu wa makilogalamu 4 kapena 5 patsiku. Timabelo ting'onoting'ono timalemera pafupifupi makilogalamu 20, musanyamule, dulani chingwe muziponya pang'onopang'ono muli kunja kwa mpanda. Chomwera madzi chikhale pampanda penipeni kuti muzithira musanalowe, ndipo payipi ya pulasitiki muziilowetsa m'nyumba usiku isaundane.

Musadalire munthu aliyense, konzani zonse ngati muli nokha. Koma pezani mtsikana wa ku yard yapafupi, kosungirako mahatchi kuja, muzimulipira, makamaka masiku obwera farrier, wokonza ziboda uja, ndi masabata oyamba mukachira, wolipidwa amabwera ngakhale kugwe sinowo pamene wachibale amapeza chifukwa. Mukagwa, ngakhale musamve kupweteka, imbirani azamba nthawi yomweyo, ndipo ngati magazi anu ndi rhesus negative pali jakisoni wa anti-D wofunika asanathe maola 72. China, mwatchula kuti mundawo mumagawana ndi nkhosa za eni malo. Zikayamba kuswa musaziyandikire, musagwire tiana take kapena zovala za amene akuzibereketsa, matenda ake amatha kuchotsa mimba. Funsani mwini nkhosazo lero kuti ziyamba liti.