"Awiri katatu": mafunso a mawu a pa kauntala ya famasi

Makalata amene ndikuyankha lero onse akukhudza malo amodzi, pa kauntala ya famasi, pamene wodwala amalandira kathumba ka mankhwala pamodzi ndi mawu ochepa omuuza kamwedwe kake.

Mtsikana wina wophunzira zamankhwala ku Blantyre akukonza mafunso a kafukufuku wofuna kudziwa momwe mafamasi a m'matauni ndi m'maboma amathandizira odwala. Funso lake ndi ili: "Kodi munthu wophunzira amene amapereka mankhwala mu famasi ndimutchule kuti wamankhwala? Nanga malowo ndilembe kuti sitolo ya mankhwala?"

Achemwali, mawu akuti "wamankhwala" asapezeke pa pepala lanu. Kapangidwe kake n'kolondola, monga timanenera kuti wamakala kapena wansomba, koma khutu la Mchewa limamva zina. Tikati "bambo uja ndi wamankhwala, musamuyambe dala," tikunena munthu wokhwima, wa zithumwa. Mankhwala m'Chichewa ndi otakata: a kuchipatala, a asing'anga, ophera mbozi m'munda, a makoswe, ngakhale a mwayi. Mukafunsa gogo kuti "Kodi wamankhwala anakulangizani chiyani?" akhoza kukuuzani za sing'anga, kapenanso kukwiya nanu. Polemba, nenani kuti "katswiri wa zamankhwala". Polankhula, tsatirani anthu, amene amangoti "a ku famasi".

"Sitolo ya mankhwala" nayonso ikusokonezerani mayankho, chifukwa anthu amagula Panado pa okala ndi pa golosale, ndipo kwa iwo amenewonso ndi malo ogulitsa mankhwala. Famasi ndi malo okhala ndi chilolezo cha bungwe loyang'anira za mankhwala la PMRA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019, ndipo dzinalo anthu analizolowera kale (ena amati famase, palibe mlandu). Chinanso muchenjere nacho: odwala amati "adokotala" kwa aliyense wovala gauni yoyera. Akayankha kuti "anandiuza adokotala," funsani kuti "adokotala ake ati, okupimani aja kapena okupatsani mankhwala?" Mukapanda kutero, ntchito ya a ku famasi idzalembedwa m'dzina la munthu wina, ndipo kafukufuku wanu adzaoneka ngati wapeza kuti iwo sanena kanthu.

Kalata yachiwiri ndi ya bambo amene amagwira ntchito mu famasi ku Lilongwe. Akuti: "Ndimauza odwala kuti 'awiri katatu pa tsiku', ndikulemba 2 x 3 pa kathumba. Kodi Chichewa chimenechi n'cholakwika? Ena amabwerera mankhwala atatha msanga, ena asanathe."

Bambo, Chichewa chanu n'cholondola, koma ndi chachidule kwambiri kwa munthu amene mutu ukumuwawa. Taonani mawu awa: atatu, katatu, atatuatatu. Kusiyana kwake ndi ka- mmodzi yekha, kapena kubwereza. "Atatu pa tsiku" akuwerenga mibulu, "katatu pa tsiku" akuwerenga nthawi, "atatuatatu" akuuza kuchuluka kwa mibulu pa nthawi iliyonse. Pa kauntala pali phokoso, mwana akulira kumsana, kumbuyo kuli mzere. Ka- ameneyo sachedwa kugwera pansi.

Ndinaimapo pa mzere kumbuyo kwa agogo ena amene anapatsidwa kathumba kolembedwa 2 x 3. Anati "zikomo" atapinda mawondo, n'kutuluka. Pakhonde anandigwira mkono, nandionetsa kathumbako: "Mwanawe, apa akuti awiri katatu kapena atatu kawiri?" Nambala zinali zomwezo, kuchuluka kwa mibulu pa tsiku n'kumodzimodzi, koma kamwedwe n'kosiyana. Anali atamva mawu onse bwinobwino, ndipo ulemu sunawalole kufunsanso.

Vutoli si la ife tokha. Mu 2006 ku United States kunatuluka kafukufuku wa odwala 395 a m'mizinda ya Shreveport, Jackson ndi Chicago. Anawaonetsa botolo lolembedwa kuti amwe mibulu iwiri kawiri pa tsiku. Mwa odwala ovutika kuwerenga, pafupifupi 71 pa 100 alionse ananena malangizowo molondola. Koma atauzidwa kuti awerenge mibulu imene angamwe pa tsiku, olondola anali pafupifupi 35 pa 100 okha. Kubwereza mawu ndi kumvetsa mawu zinapezeka kuti ndi zinthu ziwiri. Zotsatira ngati zimenezi n'zimene zinachititsa ofufuza a kumeneko kulimbikitsa kuti pa botolo pazilembedwa nthawi zake zenizeni za tsiku m'malo mwa "kawiri" kapena "katatu".

Chichewa chili nazo kale nthawizo. Nenani kuti: "Mumwe mibulu iwiri m'mawa, iwiri masana, iwiri madzulo." Chiganizocho n'chotalikirapo pang'ono, koma palibe masamu amene wodwala akachite kunyumba.

Komabe apa pali mbuna ina, yomwe ndi yathuyathu: mawa ndi m'mawa. Kusiyana kwake ndi m' wapachiyambi yekha, amene polankhula mwachangu samveka. "Mumwe ena m'mawa" akhoza kumveka ngati "mumwe ena mawa". Ngati mukunena tsiku lotsatira dzuwa likangotuluka, nenani zonse ziwiri, "mawa m'mawa". Ganizirani za LA, mankhwala amene dziko la Malawi linayamba kugwiritsa ntchito pochiza malungo mu 2007. Munthu wamkulu amamwa mibulu 4 pa nthawi, kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu, ndipo ulendo wachiwiri umakhala patatha maola 8 chimwereni oyamba. Munthu amene wayamba 10 koloko m'mawa ayenera kumwanso 6 koloko madzulo a tsiku lomwelo. Mukangoti "kawiri pa tsiku" kapena "ena mukamwe m'mawa", iye adikira mpaka kutacha. Mutchulireni ola lake, ndipo ngati alibe wotchi, mangani nthawiyo pa chinthu chimene amachidziwa, monga kulowa kwa dzuwa.

Chimodzimodzi "musanadye" ndi "musadye". Pakati pake pali -na- yekha, koma wina akuuza nthawi, wina akuletsa chakudya. "Mukadya" ndi wofooka, chifukwa -ka- angatanthauze "ngati mwadya", ndipo pa banja limene limadya kamodzi pa tsiku, wodwala akhoza kudumpha mankhwala a m'mawa podikira nsima. "Mukatha kudya" kapena "mutadya kaye kanthu, ngakhale phala" n'zomveka bwino. Supuni nayo muitchule kukula kwake: yaing'ono ya tiyi imawerengedwa ngati 5 ml, yaikulu 15 ml, ndipo za m'makhitchini athu sizifanana, choncho muonetseni mayiyo mzere wa pa kachikho koyezera.

Ndikupemphaninso kuti musiye kumaliza ndi funso lakuti "Mwamva?" Mwa chikhalidwe chathu yankho lake ndi limodzi, "Eya, ndamva," chifukwa kukana kuli ngati kunena kuti wamkulu sanafotokoze bwino. Tembenuzani funsolo kuti vuto likhale lanu: "Mayi, mwina ndathamanga. Tandiuzani mmene mukamwere mukafika kunyumba." Akamafotokoza, ndi pamene mumve pamene pasokonekera.

Mayi wina amene amamasulira timapepala ta zaumoyo wafunsa mwachidule: "Kodi ndilembe 'tengani mankhwala anu tsiku lililonse'? Nanga ndi pilitsi kapena piritsi?"

Mayi, "kutenga mankhwala" m'Chichewa ndi kukawalandira kuchipatala kapena kuwanyamula m'manja. Chiganizo chanu chikuuza wodwala kuti azipita ku famasi tsiku ndi tsiku. Ife mankhwala timamwa, ngakhale ali ouma ngati mwala. Ndipo tili ndi aneni ambiri osiyanitsa kagwiritsidwe kake: kumeza osatafuna, kutafuna, kuvumata, kuchukucha n'kulavula, kupaka, kudonthezera m'maso, kupopera, kubayitsa. Pa mankhwala osamwa, lembani poyera kuti "awa si akumwa", chifukwa mneni woyamba kubwera m'mutu mwa wodwala ndi kumwa. Za kalembedwe, lamulo likuti r amatsata i ndi e, choncho ndi piritsi, mapiritsi. Mankhwala alibe umodzi, timati "mankhwala awa" ngakhale ndi m'bulu umodzi wokha.

Funso lomaliza lachokera kwa mnyamata amene amasamalira bambo ake odwala BP: "A ku famasi anati mankhwalawa ndi ochiza kuthamanga kwa magazi. Bambo atapeza bwino anasiya kumwa, akuti achira. Kodi mawu oyenera anali ati?"

Achimwene, pepani ndi matenda, ndipo abwerereni nawo kuchipatala akapimidwenso. Mneni "kuchiza" ali ndi mathero mkati mwake. Wochira amanyamuka, amasiya mankhwala, amabwerera kumunda. Malungo amachizika choncho. BP ndi shuga ayi: mankhwala ake amatsitsa ndi kusunga zinthu m'malo mwake, ndipo akasiyidwa vuto limakweranso mwakachetechete. Mawu oyenera anali "mankhwala otsitsa BP, akumwa tsiku lililonse ngakhale mukupeza bwino". Dzina loti "kuthamanga kwa magazi" nalonso limanamiza, chifukwa anthu amaganiza kuti ndi chinthu chomveka m'thupi, monga mtima kugunda munthu akakwiya, ndiye tsiku limene sakumva kanthu amati magazi akhazikika.

Pa matenda otere ndi pamene kafukufuku waonetsa kwambiri phindu la katswiri wa zamankhwala wobwereza kulankhula ndi wodwala. Ku England, chiyambire 2011, mafamasi ali ndi dongosolo loti munthu woyamba mankhwala atsopano a matenda okhalitsa amachezanso ndi katswiriyo patatha sabata imodzi kapena ziwiri, kenako kachitatu, ndipo kafukufuku wake anapeza kuti pa milungu 10 omwa mankhwala mwandondomeko anachuluka ndi anthu pafupifupi 10 pa 100 alionse. Ku Los Angeles, kafukufuku amene anatuluka mu 2018 anachitika m'malo ometera tsitsi okwana 52, ndipo m'ena mwa malowo anatumiza akatswiri a zamankhwala kukakumana ndi amuna akuda odwala BP pamalo pomwe anazolowera kucheza. Patatha miyezi 6, nambala yapamwamba ya BP yawo inatsika ndi 27, pamene ya anzawo amene ankangolimbikitsidwa ndi ometa kuti akaonane ndi dokotala inatsika ndi 9 yokha. Akatswiriwo ankaloledwa kusintha mankhwala mogwirizana ndi madokotala a odwalawo, komanso ankabwera mobwerezabwereza n'kumafunsa momwe munthu akumwera.

Mukamalankhula ndi bambo anu, pewani "muyenera" ndi "musasiye", mawu amene mwana sawanena bwino kwa kholo. Yesani motere: "Ababa, kupeza bwino kumeneku ndi mankhwala aja akugwira ntchito. Tiyeni tikawafunse a ku famasi ngati nkoyenera kusiya." Ndipo mukafika, apempheni kuti alembe pa kathumbako m'Chichewa, ndi nthawi yake: m'bulu umodzi m'mawa, tsiku lililonse.