Funsani Azakhali: Thupi likumanditentha usiku olo kuli chiperoni

Azakhali, ine ndi mayi wa zaka 48, ndimathyola tiyi kuno ku Thyolo mbali ya ku Makwasa. Chiyambireni chaka chatha kusamba kwanga kwasokonekera, kumadumpha miyezi iwiri itatu kenako kubwera kochuluka. Usiku ndimadzuka chitenje chili nyowe ndi thukuta, olo kuli chiperoni anzanga akufunda mabulangete awiri ine ndimakankhira uko. Malungo ndayezetsa kawiri sanapezeke. Anzanga kumunda akuti wina wandichita chipongwe, ndiye apongozi nawo akuti ndikasiyiratu kusamba ndisadzagonenso ndi bambo a kunyumba chifukwa mbeu yawo izikaunjikana m'mimba mpaka mimba kutupa. Ndi zoona zimenezi?
Mayi wodandaula, Thyolo

Mayi, mtima m'malo, palibe wakulodzani. Mukulowa nyengo yosiya kusamba, achipatala amati menopause, ndipo kwa amayi ambiri imafika pakati pa zaka 45 ndi 55, ndiye inu a 48 muli pa nthawi yake yeniyeni. Mazira m'thupi akutha ndipo homoni ya esitirojeni, mchere wa m'thupi umene umayendetsa za kusamba, ikutsika, koma sikuti imatsika mwadongosolo ayi, imakwera n'kugwa ngati minibasi pa msewu wa mabampu, n'chifukwa chake kusamba kukudumpha, thupi kumangoti phuu kutentha kuyambira pachifuwa kukafika kumaso, tulo kusowa, mtima kupsa msanga pa nkhani yaing'ono ya ndiwo. Zimenezi zimatha kutenga zaka zingapo. Koma thukuta la usiku likamabwera ndi chifuwa chosatha komanso kuonda, kayezetseni TB, imeneyo ndi nkhani ina.

Za apongozi, aaa, ndimawalemekeza akuluakulu koma apa aphonya. Kusamba si kutsuka m'mimba. Magazi aja ndi khungu la m'kati mwa chiberekero limene limakonzekera mimba mwezi ndi mwezi, mimba ikapanda kubwera limasupuka n'kutuluka basi. Mbeu ya abambo siunjikana penapake, ina imatuluka yokha ina thupi limathana nayo, ngakhale mwa mayi wa zaka 70. Mimba imakula kwa ena pa msinkhu umenewu, zoona, koma ndi mafuta chifukwa cha kusintha kwa mahomoni. Mabanja angati asokonekera chifukwa cha mwambo umenewu, bambo n'kuyamba kuzemba kukabweretsa matenda m'nyumba?

Chimene chingakuvuteni ndi kuuma kwa kumaliseche, kugonana n'kumapweteka. Musamaikeko zitsamba kapena sopo, ku famase kuli mafuta oterera opangira zimenezo, koma osati Vaseline ngati mukugwiritsa ntchito kondomu chifukwa amaing'amba. Ndipo tamverani, mimba mutha kutenga ndithu panopa! Timati mayi wasiya kusamba pakatha miyezi 12 yathunthu osaona kalikonse, ndipo amene sanakwane zaka 50 amalangizidwa kulerabe zaka ziwiri chisiyireni. Ngati mumabaya jakisoni ya Depo auzeni anesi, nayonso imaimitsa kusamba ndiye munthu umasokonezeka.

Esitirojeni ikatsika mafupa amayamba kufooka. Idyani usipa, bonya ndi matemba pamodzi ndi minga yake, chisoso, bonongwe, nkhwani wotendera, nandolo wa kwanu komweko. Mafizo sindikuuzani, munthu wokwera mitunda ya Thyolo ndi dengu kumsana tsiku lonse amaposa a ku jimu. Tiyi wotentha madzulo ndi tsabola chepetsani kaye, kwa ena zimautsa kutentha kuja. BP ndi shuga muziyezetsa.

Tsopano apa ndipamene ndikufuna mumvetsetse. Mukadzasiya chaka chathunthu kenako n'kuonanso magazi, olo kadontho, musadzanene kuti utsikana wabwerera. Ngakhale panopa, magazi otuluka mukatha kugonana, ochuluka mosaleka masiku ambiri, kapena chikazi chonunkha, si za msinkhu zimenezo. Malawi ali m'gulu la maiko amene khansa ya khomo la chiberekero ikupha amayi kwambiri pa dziko lonse, pomwe ikapezeka msanga imachizika. Pa chipatala cha boma ku Thyolo amayeza mwaulere, komanso chipatala cha Malamulo muli nacho pafupi. Pitani sabata ino, ndipo bambo muwatenge akamve okha kwa anesi, akafotokozere mayi awo ndi iwowo, inu musalimbane ndi apongozi.